Mapasa Anga ndi Jekeseni Imodzi

Apongozi anga ankadula ulusi. Ine ndimange, iwo adule. Ndimangenso, adulenso. Unali ulusi wofiira wolukira majuzi, umene ndinkamanga padzanja la mwana wanga wamkulu kuti anthu asamamusokoneze ndi mng'ono wake. Anali mapasa, atsikana, ofanana ngati anachita kuwadinda. Ine mayi wawo ndinkawadziwa ndi kalilidwe komwe: wamkulu ankalira mokoka mawu, wamng'ono ankalira modukiza ngati akukangana ndi munthu. Koma bambo awo enieniwo ankayamba ayang'ana padzanja asananyamule mwana.

Tinkakhala ku Bangwe, m'nyumba ya lendi, pamdadada wa nyumba zoyang'anana zitseko, mpopi umodzi tonse. Ine ndinkaphunzitsa bayoloje pasekondale ina kutsidya kwa tauni. Amuna anga anali telala, makina awo ali pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Tchuthi changa cha uchembere chitatha, amayi awo anasiya geni yawo ya nyemba mumsika wa Ndirande n'kubwera kudzatilerera anawo. Ndisawanamizire, ankawakonda adzukulu awowo koopsa. Matewera ankachapa mpaka zala kuyera. Vuto linali limodzi: pa nkhani ya mapasa, iwo ndiwo anali mwini buku.

Chifukwa chake chinalipo. Amuna angawo nawonso anabadwa awiri, koma mlongo wawo anamwalira ali wakhanda. Apongozi ankanena kuti chinamupha ndi chipewa. Munthu wina anabweretsa kachipewa kamodzi koluka, iwo n'kuveka wamwamunayo, ndiye wamkaziyo ananyanyala n'kubwerera kumene anachokera. Zimenezi ankazinena maso ali gwa, osaphethira.

"Mapasa sasiyanitsa," ankatero. "Ukampatsa uyu, umpatsenso uyo. Ameneyu ndi munthu mmodzi, magazi amodzi. Mulungu anangomugawa pakati."

Ndiye ulusi padzanja la mmodzi, kwa iwo, chinali chipewa chija chabweranso. Ndinayesa kumanga wofiira kwa uyu, wobiriwira kwa uyo. Anadula wonse. Akuti mitundu yosiyana ndi kusiyanitsa komweko. Koma abale inu, munthu ungatani?

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ine ndinkadziwa kanthu kena kokhudza magazi amodziwo. Ndili woyembekezera, mphunzitsi wina wachizungu amene tinkagwira naye ntchito anasiya magazini ya sayansi m'chipinda cha aphunzitsi. Masiku amenewo magazini yakunja inkayamba yadutsa m'manja mwa ounika zowerenga, ndipo iyi anali ataipaka inki yakuda pamiyendo ya mayi wina wovala buluku amene ankatsatsa makina. Miyendo anaiona. Koma patsamba lotsatira panali nkhani imene inagwetsa zimene ndinakhala ndikuphunzitsa ana a eni ake zaka zonsezo, ndipo imeneyo anaisiya idutse.

Ine ndinkaima kutsogolo, choko m'manja, n'kumanena motsimikiza kuti selo lililonse m'thupi la munthu limasunga malangizo achibadwa ofanana, osasintha, kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Nkhaniyo inkati ayi, si onse. Pali maselo ena, aja timawatchula kuti asilikali a m'thupi, amene akamakula m'mafuta a m'mafupa amatenga malangizo awo omwe n'kuwadula. Amatola kachidutswa apa, kena apo, kena uko, mwachisawawa, n'kulumikiza, zotsala pakati n'kutaya. Pamsoko pamenepo amathotholapo pang'ono kapena kuwonjezerapo tina. Zikatero selo lililonse limatuluka ndi kambedza kakekake, kosiyana ndi ka linzake, kotha kukola kachilombo ka mtundu umodzi. Thupi silidikira kuti liyambe laona matenda. Limangosula mbedza zosawerengeka, zina za matenda amene munthuyo sadzakumana nawo mpaka kufa kwake.

Magaziniyo ndinaiwerenga mpaka masamba anathothoka. Anawo atabadwa ofanana chonchija, ndinkawayang'ana ali gone pamphasa n'kumati chamumtima: nkhope imodzi, malangizo amodzi, koma m'mafupa mwanumo aliyense akudula ndi kusoka yekha.

Atakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, nthawi ya katemera wa chikuku inakwana. Tsoka ilo, tsiku la sikelo linagwera m'nyengo ya zoyeserera. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi akuzidziwa. Maphunziro ankaima, ana onse kubwalo lalikulu la masewero kukaguba ndi kukapanga maluwa ndi matupi awo padzuwa, ife aphunzitsi tili pambuyo kuwakalipira. Ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti ndijombe tsiku limodzi lokha. Anayamba atseka chitseko. Kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikufuna kuti zikamveke kuti mphunzitsi wawo ali ndi zina zofunika kuposa kukonzekera kulandira mwini dziko. Nkhani inathera pomwepo.

Tinapangana kuti apongozi abereka mmodzi, mayi wa nyumba yoyang'anana nafe abereka winayo. Ine ndinalawira kubasi mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti nditangochoka lole ya chipani inafika pamsewu kudzatenga amayi okayeserera magule, ndipo mnzathu uja anakwezedwa ndi chitenje chake chonyowa chochapira. Kukana kunalibe.

Ndinabwerera madzulo, nkhope itapsa ndi dzuwa, mawu atasasa. Ndinapeza apongozi akhala pakhonde akusankha nyemba, anawo akukwawa pamphasa.

"Mwayendako bwanji kusikelo, Amayi?"

"Tayenda bwino, aphunzitsi. Zonse zatheka."

Ankanditchula aphunzitsi akafuna kundikumbutsa kuti sukulu si nzeru zonse.

"Awabaya onse?"

"Abaya mmodzi. Winayu ndamukonza ndekha."

Chikwama chinandipulumuka. Anafotokoza modekha, monyadira ndithu. Atatsala okha ndi ana awiri, bondo lawo lovutavuta likuwawa, anasiya mmodzi kwa akazi a alandilodi n'kubereka winayo. Anamwino atabaya, anakanikiza kathonje pamkono. Apongozi anatola kathonje kaja, kali ndi kadontho ka magazi, n'kukamanga pamfundo ya chitenje. Atafika kunyumba anakapaka pamkono pa wotsalayo, kutikita bwinobwino monga achitira ndi mankhwala a mphini.

"Kuti asachite nsanje," anatero. "Komanso magazi ndi omwewo. Zalowa mwa uyu, zalowanso mwa uyo."

Ndinapuma kaye. Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka, wotsalayo ndidzapita naye ndekha.

"Chabwino, Amayi. Ndiye munapita ndi uti?"

"Amene anali maso."

"Anali maso ndi uti?"

Anasiya kusankha nyemba. Anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Nanenso ndinayang'ana m'manja mwa anawo. Mbee, opanda kanthu.

"Ulusi uja uli kuti?"

"Ndinachotsa powasambitsa m'mawa."

Mayo ine! Khadi la sikelo anangotola limene linali pamwamba, la wamkulu, osati chifukwa anali atabereka wamkulu, koma chifukwa kwa iwo makadi awiriwo anali a munthu mmodzi. Ndinawavula anawo malaya n'kuwatembenuza pakuwala kwa pakhomo ngati ndikugula nkhuku. Jekeseni ya chikuku sisiya chipsera. Mikono yonse inayi inali ndi timadontho ta udzudzu, yonse yopakidwa mafuta mofanana. Ndinathamangira kwa akazi a alandilodi kukafunsa kuti anawasiyira uti. Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iii, aphunzitsi, ine ndimangoona mwana basi. Kodi amasiyana?"

Amuna anga atafika ndinawalandira ndi nkhaniyo asanavule n'komwe nsapato. Ndinati njira ndi imodzi: tikawabayitse onse awiri. Amene anabayidwa kale sizimupweteka, amene sanabayidwe apulumuka.

"Kawiri?" anatero. "Mwana wanga si ng'ombe ya kudibi."

"Kubaya kawiri sikupha munthu, bambo a mapasa."

"Amayi akuti magazi ndi amodzi."

Ndinaona kuti apa mawu okha sakwanira. Ndinakoka thumba la zidutswa za nsalu limene ankabwera nalo kuchokera kuntchito, n'kulikhuthula patebulo. Ndinayala zidutswazo mizere itatu. Ndinati tangoganizani atelala awiri, aliyense mwamupatsa thumba lofanana ndi ili, zidutswa zomwezi. Mwawamanga m'maso. Aliyense atole chimodzi pamzere uwu, china apa, china apa, asoke. Atolenso, asokenso, tsiku lonse, chaka chonse. Kodi zimene asoke zifanana?

"Sizingafanane."

"Ndi mmene zilili m'mafupa mwa ana anuwa. Thumba ndi limodzi, n'chifukwa chake nkhope ndi imodzi. Koma asilikali ake aliyense akusoka yekha. Katemera akalowa, amakapeza msilikali amene mbedza yake ikukwana pa chikuku, ameneyo n'kuchulukana, n'kukhala tcheru kudikira chikuku chenichenicho. Zimenezo zimachitika m'thupi limene mwalowa jekeseni. Sizidumphira kwa mnzake ndi thonje. Chitetezo chimene ndinawabwereka ine ali m'mimba chikutha tsopano. Mmodzi mwa awiriwa ali pambalambanda, ndipo sitikudziwa kuti ndi uti."

Anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali, ine n'kumati zalowa. Kenako anayamba kuzibweza m'thumba chimodzichimodzi.

"Telala wodula nsalu atatsinzina," anatero, "sakhalitsa pakhonde. Mulungu sangagwire ntchito yotero."

Asa! Kuimbira mbuzi gitala. Apongozi anali pachitseko cha kuchipinda akumva zonse, ndipo amuna angawo anawonjezera kuti amayi analera mapasa ndi manja awo, pamene ine ndinangowerenga m'magazini. Yankho linafika pamilomo penipeni, lakuthwa, lokhudza mapasa amene iwo analerawo kuti anatsala angati. Ndinalimeza.

Tsiku lina la katemera wa chikuku litafika, zoyeserera zinali zitatha, ndipo ndinapempha chilolezo n'kupita ndekha. Ndekha? Apongozi anali atabereka kale wamkulu ndisanamange n'komwe mpango. Ana awiri amafuna misana iwiri, ndiye ndikanawakaniza bwanji? Kusikelo kunali anthu osaneneka, mzere kutuluka pakhonde mpaka pansi pa mtengo wa mango, ana kulira, amayi kuimba nyimbo ya phala la magulu atatu. Titafika kutsogolo ndinawafotokozera anamwino zonse, mwaulemu, kuyambira pa lole mpaka pa thonje. Anali mayi wotopa, thukuta lili kamukamu, kabokosi kozizira ka katemera kali pambali pawo. Anamvetsera ndithu. Ndikuganiza kuti akanavomera.

Koma apongozi analowerera. Anatembenuka kuonetsa mwana amene anali kumsana kwawo n'kunena mokweza, anthu onse akumva, "Uyu ndiye ndinabwera naye. Ndi uyuyu. Ndingaiwale mdzukulu wanga ine?"

Anamwino anayang'ana khadi, n'kuyang'ana gogoyo, n'kuyang'ana ine.

"Mayi, khadi likuti wamkulu analandira. Agogo akenso akuti ndi yemweyo. Katemera ndi wochepa, taonani mzerewu. Bweretsani winayo."

Ndinayamba kutsutsa. Ndinatchula za maselo, ine wopusa, pamzere wa sikelo. Kumbuyo kunayamba kung'ung'udza. Mayi wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, tonsefe tili ndi ana, sukulu mukaphunzitse Lolemba!" Anthu anaseka. Anabaya wamng'ono, ndipo apongozi anatambasula dzanja kutola kathonje kaja.

Panjira sindinathe kudzigwira.

"Amayi, mukutsimikizadi kuti munapita ndi wamkulu?"

"Akudziwa ndi Mulungu."

"Nanga mwanena bwanji motsimikiza chonchija pamaso pa anamwino?"

Anaima pakati pa msewu, njinga ya makala n'kuwakhotera.

"Mumafuna ndingoima n'kumaonerera akubaya mwana kawiri? Ndinaika kale mmodzi m'manda ine. Inu simunaikepo."

Ndinali nditakwiya koopsa, komabe ndinaona kuti mayiyu sakuchita nkhanza. Ankateteza anawo ndi mphamvu zake zonse, kungoti ankatchinga khomo lolakwika.

Ndinakonza zanga mwakachetechete. Tchuthi cha sukulu chinali pafupi. Ndinati sukulu ikangotsekera, ndidzabereka wamkulu ngati ndikupita naye kumsika, n'kukwera basi mpaka kuchipatala china cha mishoni kunja kwa tauni kumene sankatidziwa. Kumeneko ndikanena kuti mwanayu sanalandire, basi. Ndinamanganso ulusi. Anadulanso. Ine ndinkangowerengera masiku kuti tchuthi chifike.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chikuku chinalowa pamdadada pathu mayeso a kumapeto kwa teremu asanathe. Chinayamba ndi mwana wa nyumba ya kumapeto, chinadumphira kwa ana a alandilodi, ndipo pampopi nkhani inali yomweyo. Tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinamva kulira kokoka mawu kuja ndili pamsewu, koma kofooka, kosasa. Wamkulu anali atatentha ngati mbaula, maso ofiira, mamina chuchuchu, akutsokomola. Posakhalitsa totupa tinatuluka kuseri kwa makutu n'kutsikira kumaso ndi pachifuwa.

Apongozi anatenga ulamuliro nthawi yomweyo. Mawindo atsekedwe. Mwana asasambe. Ine ndi amuna anga tigone kosiyana kuti tisamutenthe mwana. Kuchipatala ayi, chifukwa chikuku chikaona jekeseni chimabwerera m'kati n'kupha. Ndipo anatenga wamng'ono n'kumugoneka pafupi ndi mkulu wake, bulangete limodzi, kapu imodzi.

"Chidutse kamodzi," anatero. "Mapasa amadwalira limodzi."

Ndinawalekanitsa, iwo n'kuwabwezera. Ndikapita kumpopi, pobwera ndipeza agonekanso pamodzi. Nyumba ya zipinda ziwiri, ungamubise kuti mwana? Amuna anga ankangoti tiyeni tione mawa. Mawa, mawa, mawa! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, pamaso pa amayi ake ankasanduka kamwana kovala chipewa kaja.

M'mawa wina ndinapeza maso a wamkulu atamatirira, zikope zitatupa, sakutha kutsegula. Kupuma kwake kunali kothamanga. Nditatuluka kukatenga madzi ofunda, pobwera ndinapeza apongozi amuika pamiyendo, m'manja muli kapu ya madzi obiriwira a masamba osinja, akufuna kumudonthezera m'maso. Sindikumbuka kuti ndinawoloka bwanji chipindacho. Ndinalanda kapuyo n'kuiponya panja, inakagunda khoma la anzathu.

"Mwanayu ndi wanga!" ndinakuwa. "Ndinamubereka ndine! Mwadula ulusi, ndakhala chete. Mwanama kusikelo, ndakhala chete. Lero lokha ayi!"

Mdadada wonse unatuluka kudzaonerera mkamwini wamkazi wolalatira apongozi ake. Zoti anthu adzanena chiyani ndinalibe nazo ntchito. Ndinabereka mwana n'kuyamba ulendo wa kusiteji. Ndili pafupi kufika ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amuna anga, atanyamula beseni ndi bulangete. Tsiku limenelo makina sanawatsegule.

Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anatigoneka m'chipinda cha ana a chikuku okhaokha. Bedi limodzi ana angapo, amayi tili pansi pa simenti, kutsokomola kosalekeza mbali zonse. Anamupatsa mankhwala a chibayo, ndi kambulu ka mafuta kofinyira m'kamwa kothandiza maso, ndi mankhwala ena opaka m'zikope. Dokotala wachinyamata anakweza chikope cha kumanzere ndi chala, n'kuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinkafunira. Anandifunsa ngati mwanayo analandira katemera. Ndinatsegula pakamwa, n'kupeza kuti yankho lake ndi lalitali kwambiri. Ndinangoti, "Mnzake ndiye analandira."

Pakuti wamng'ono anali akuyamwabe, apongozi ankabwera naye masana aliwonse, bondo lawo lomwelo, mabasi awiri. M'chipinda cha odwala sankalowa. Ankaima kumpanda, pamene amayi amayanika matewera, ine n'kutuluka kukayamwitsa. Sitinkalankhulana kupitirira moni. Koma tonse awiri tinkachita chinthu chimodzi: ine ndikamuyamwitsa ndinkamufunyulula kuyang'ana kuseri kwa makutu, ndipo ndinkaona kuti iwonso ayang'anamo kale. Ankadikira totupa. Mwana anagona bulangete limodzi ndi wodwala, anamwera kapu imodzi, anatsokomoleredwa kumaso. Koma khungu lake linali see, thupi lozizira bwino, akukoka ndolo zanga n'kumaseka.

Tsiku lina apongozi analephera kupirira.

"Uyu bwanji sichikumugwira?"

Anafunsa motsitsa, osandiyang'ana. Sikunali kufunsa kwa mkangano. Ndinali ndi mayankho okwana kudzaza bolodi lonse, za mbedza, za zidutswa, za asilikali amene anachulukana mwa uyu koma mwa uyo ayi. Ndinali nditawasunga nthawi yonseyi kudikira funso limeneli. Koma litafika, kulondola kwangako kunandinyansa.

"Amene anali maso tsiku lija ndi uyu, Amayi," ndinatero. "Anabayidwa kawiri. Si uyu ali moyo?"

Anamulandira mwanayo, kumubereka, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Anapita kusiteji osatsanzika.

Wamkulu anachira. Chifuwa chinaphwa, totupa tinasenda ngati mamba, anayambanso kuyamwa. M'mawa wina ndikumupukuta kumaso ndi kansalu kofunda, zikope zinatseguka. Diso la kumanja linandiyang'ana, lakuda bii, lonyezimira, lomwe lija. La kumanzere linali ndi banga loyera pakati penipeni, ngati dontho la mkaka lagwera m'tiyi n'kukana kusungunuka. Ndinathamangira dokotala uja. Anaunika ndi katochi, n'kuyendetsa chala mbali imeneyo. Mwana sanachitsatire. Anandiuza mosazungulira kuti chilonda cha padiso chapola, koma chipsera chimenecho sichidzachoka, ndipo tithokoze kuti linalo lapulumuka.

Ndinathokoza. Kenako ndinapita kuseri kwa chipinda chochapira, kumene kunalibe anthu, n'kukatukwana lole, ahedi, thonje, chipewa, ndi khadi lomwe. Ndinalira mpaka mayi wina wosamudziwa anabwera kudzandigwira paphewa poganiza kuti mwana wanga wamwalira.

Tsiku lotuluka, amuna anga anabwera kudzatitenga. M'basi anamunyamula okha mwanayo, n'kumamuyang'ana kumaso njira yonse. Sanayang'ane padzanja. Titatsika ku Bangwe anthu a pamdadada anatilandira ndi mawu achifundo, aliyense akusuzumira kumaso kwa mwana n'kuyang'ana kumbali msanga. Akazi a alandilodi, omwe aja ankati amangoona mwana basi, anati, "Iii, wamkulu wabwera," osafunsa munthu.

Apongozi anali pakhonde, wamng'ono ali pamiyendo. Nyumba inali yosesedwa, mawindo onse otsegula. Anatipatsa moni, n'kudikira kuti ndikhale pansi ndimasule mwana. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chawo, pamene paja ankamangapo thonje, n'kutulutsa ulusi wofiira. Unali watsopano, wautali bwino, ochita kukagula okha. Anagwira dzanja la wamkulu. La wamng'ono sanalikhudze, ndipo ulusi unali umodzi wokha. Mfundo inkakana kugwira.

"Amayi," ndinatero, "ulusi wa chiyaninso? Tamuyang'anani kumaso."

Sanamuyang'ane kumaso. Anapitiriza kulimbana ndi mfundo ija, misozi ikugwera pakadzanja ka mwanayo, mpaka inagwira.

Ndinawasiya amange. Ulusi umenewo unakhala padzanjapo mpaka unathina, ndipo amene ankausintha anali iwo. Koma kuyambira tsiku limenelo panalibenso munthu ku Bangwe konse amene anawasokoneza ana anga.